Za funso langa lija la Signal ndi WhatsApp

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso lija, loti gulu lathu lolondoloza ndalama za chitukuko kudera kwathu lingatani kuti zokambirana zathu zisamaonedwe ndi ena, kaya a boma kaya a makampani.

Tinatsatira malangizo a achimwene amene anati tisamukire pa Signal, pulogalamu yotumizirana mauthenga pafoni yofanana ndi WhatsApp. Ena munati WhatsApp ndi yokwanira, ndipo simunaname: kuyambira 2016 mauthenga ake amatsekedwa ndi njira yomweyo ya Signal, moti ngakhale a Meta, eni ake a WhatsApp, sangawawerenge. Koma amadziwabe amene ukulemberana naye komanso nthawi yake. Ifetu n'zimene zimatidetsa nkhawa, poti kuyambira 2018 SIM iliyonse kuno ku Malawi imalembetsedwa ndi chitupa, ndiye nambala yako ndi dzina lako lomwe.

Kusamukako kunavuta. Akuluakulu ena anakana, ati bandulo yawo ya WhatsApp sigwira pa Signal, ndipo n'zoona, pamafunika bandulo wamba ya intaneti. Tinagwirizana kuti moni ndi mauthenga a maliro zikhale pa WhatsApp, nkhani za ndalama zokha pa Signal. Zikuyenda bwino ndithu.

Amene mukufuna kuchita chimodzimodzi, pangani username, yomwe Signal inabweretsa mu 2024, kuti anthu akupezeni osaona nambala yanu. Ikaninso PIN ndi registration lock, kuti wokuberani SIM asatenge akaunti yanu. VPN (pulogalamu yobisa zimene ukuchita pa intaneti) yaulere imene ena munatchula ndinaikana, poti mwini wake amaona masamba onse amene ukutsegula. SMS ndiye tinasiyiratu, chifukwa sitsekedwa mwanjira imeneyi, moti a kampani ya foni angathe kuiwerenga.