Za akamba akuluakulu ndinafunsa aja

Paja ndinafunsa ngati akamba akuluakulu a pa chilumba cha Fernandina ku Galápagos (zilumba za dziko la Ecuador) anatheratudi, ena munati basi zinatha kalekale. Ndabweranso abale, nkhani ija sinathe ayi.

Kamba wa mtundu umenewu anali ataoneka kamodzi kokha mu 1906, wamwamuna, anamutenga Rollo Beck, wotolera nyama zofufuzira, nkupita naye ku California Academy of Sciences, malo a sayansi ku America. Kenako zii zaka zoposa 100, anthu nkumati phiri lophulika la pa chilumbapo linawamaliza. Ndiye mu February 2019 ofufuza anapeza kamba wamkazi ali phee pakati pa tchire lozunguliridwa ndi miyala ya chiphalaphala chouma, anamupatsa dzina loti Fernanda, ndipo a sayansi a ku yunivesite ya Yale atayeza DNA nkufananitsa ndi ya wa 1906 uja anapeza kuti ndi mtundu umodzimodzi.

Panopa akumusunga pa chilumba cha Santa Cruz ku Galápagos komweko. Chikundiwawa ine nchoti ali yekhayekha, ngati Lonesome George, kamba womaliza wa pa chilumba cha Pinta, amene anafa mu 2012 osasiya mwana. Koma pa Fernandina pomwepo anaonaponso ndowe za akamba ena, ndiye akufunafunabe wamwamuna, ndikupemphera amupeze.