Soya wa pa demo wachita chikasu, kumizu kulibe ma nodule

aChisale (Mchinji): Akuluakulu thandizeni msanga. Ma demo (minda yachionetsero) atatu a soya wa mtundu wa Makwacha, mizere ya 75 cm, double row (mizere iwiri ya mbewu pa mzere umodzi), tinabzala ndi mvula ya pakati pa December. Inoculant (ufa wakuda wa bacteria wothandiza soya kugwira nayitrojeni, wopaka ku mbewu pobzala) anathira onse, mapaketi a m'katoni imodzi. Pano sabata yachisanu. Minda iwiri yapinimbira, masamba a m'munsi achita chikasu, ndazula ndapeza mizu ili mbee, palibe ndi nodule imodzi yomwe (timibulu ta pa mizu momwe bacteria amagwirira nayitrojeni). Wachitatu uli bwinobwino. Field day (tsiku loonetsa alimi mindayi) yayandikira ndipo alimi ayamba kale kunena kuti tinawapatsa makala osinja. Ndithire urea kapena?

Nabanda (Kasungu): Mwati mwazula? Musazule achimwene, timibulu timathothoka n'kutsalira m'dothi, makamaka pa katondo wouma. Kumbani ndi khasu chapatali pang'ono ndi tsinde, nyamulani ndi dothi lake, viikani m'ndowa ya madzi dothi lichoke lokha. Tengani mbewu khumi m'malo osiyanasiyana, osati za m'mphepete. Mukapeza timibulu, dulani pakati ndi lezala. Kofiira ngati nyama ndiye kuti kakugwira ntchito. Koyera ndi kanthete, kapena munalowa bacteria wosathandiza. Kobiriwira kapena kofewa kakuda, kanasiya kale. Onaninso pamene takhala. Tounjikana pa muzu waukulu pafupi ndi pamene panali njere nthawi zambiri ndi ta inoculant, tomwazikana ku mizu ing'onoing'ono ndi ta bacteria wa m'nthaka momwemo.

aMvula (Dowa): Mukanabzala soya wa mtundu wa Tikolore bwenzi zonsezi kulibe. Amagwirizana ndi bacteria amene ali kale m'nthaka yathu, ndi chimene a bungwe lofufuza za ulimi la IITA anamupangira.

aChisale (Mchinji): Ndakumba monga mwanenera amayi. Munda umodzi zero ndithu. Winawo timibulu tiwiri titatu ku mizu ya m'mbali, toyera m'kati.

aGondwe (Mzimba): Ndiye funsani ma lead farmer (alimi otsogolera anzawo) anu momwe anasakanizira, musawafunse ngati anathira chifukwa aliyense ayankha kuti eya. Paketi inagona kuti? M'nyumba ya malata pawindo, kapena m'thumba la njinga yamoto tsiku lonse, bacteria amatha ngakhale tsiku la pa paketi lisanakwane. Pamafunika pozizira, mu fuliji koma osati mouma ayezi, kapena mu mtsuko wadothi pamthunzi. Madzi anali ati? A pampopi onunkha chlorine amapha. Anayanika pati? Apa ndi pamene ambiri amaphera, amayala mbewu pa chiguduli padzuwa kuti iume msanga. Kasakanizidwe kodziwika ndi aka: botolo la 300 ml la madzi, masipuni awiri akuluakulu a shuga, kunyowetsa makilogalamu 15 a mbewu m'beseni, kenako kuwaza inoculant pa mlingo wolembedwa pa paketi, n'kutembenuza mpaka njere iliyonse itada. Musapikitse mwamphamvu, khungu la soya silichedwa kusupuka. Kuyanika pamthunzi kanthawi kochepa, kubzala tsiku lomwelo m'dothi lachinyezi n'kukwirira pompo. Yotsala ikagona, mawa muthirenso wina.

Nabanda (Kasungu): Onjezani funso la mvula. Ngati anabzala pouma kudikira mvula, kapena kunachita ng'amba sabata yoyamba, pa mchenga dothi la pamwamba limatentha moti bacteria sapulumuka. Mbewu imamera bwinobwino, koma ili yokha.

aMvula (Dowa): Mndandanda wonsewu mlimi wa kumudzi augwira? Fuliji aitenga kuti? Tikolore basi.

aGondwe (Mzimba): Akulu, Tikolore yemweyo amaonjezera zokolola akathiridwa inoculant, makamaka m'munda umene sunalimidwepo soya. Kugwirizana ndi bacteria wa m'nthaka sikutanthauza kuti bacteria wake ndi wokwanira kapena wamphamvu. Komanso nkhani ili apa ndi Makwacha amene ali kale m'munda.

aJere (Lilongwe): Palibe wafunsa za nthaka. Mapaketi ndi amodzi, munda umodzi uli bwino, ndiye mwina kusiyana kuli pansi. pH (muyeso wa asidi m'nthaka) ikatsika pansi pa 5.5, ndiye kuti asidi wachuluka, Bradyrhizobium (bacteria wa soya) amavutika, aluminium amapsereza nsonga za mizu pamene bacteria amalowera, ndipo mchere wa m'nthaka wa molybdenum sapezeka, chonsecho popanda iyeyo nayitrojeni sagwidwa ngakhale timibulu titakhalapo. Phosphorus nayenso, timibulu timadya wambiri. Minda imene yakhala ikulandira sulphate of ammonia kapena urea zaka zambiri pa chimanga ndi fodya ndi imene imakonda kuchita asidi. Tumizani dothi ku malo ofufuza za ulimi a Chitedze kapena ARET akaliyeze. Laimu wochepetsa asidiyo si wa lero ayi, amalowa m'nthaka miyezi ingapo musanabzale. Funsaninso ngati mbewu inali yopakidwa mankhwala. Ena oteteza ku mafangasi, makamaka okhala ndi kopa, amapha bacteria akakhalitsa limodzi pa njere.

aChisale (Mchinji): Mbewu ndi imodzi yonse. Za urea bwanji? Ndi zimene ndikufuna kumva.

aJere (Lilongwe): Pamene pali timibulu toyera, dikirani sabata ina mudulenso, mwina tifiira. Mukathira urea pano mbewu isiya kudyetsa bacteria chifukwa yapeza nayitrojeni waulere, ndipo tomwe tinayambato tiima. Pamene pali zero, mukathira urea pang'ono poyamba maluwa mutha kupulumutsako. Thumba la urea la 50 kg lili ndi makilogalamu 23 okha a nayitrojeni, pamene soya amafuna wochuluka kwambiri pokhwimitsa njere, ndiye musayembekeze zodabwitsa. Koma mukatero musamutchenso demo ya inoculant, alimi adzaona kubiriwira kwa urea.

Nabanda (Kasungu): Ndipo chikasu musathamangire kuti ndi nayitrojeni. Chikayambira masamba a kunsonga ganizani za sulphur. Pamene madzi amadikha, timibulu timaola chifukwa timafuna mpweya. Zosungunula inoculant m'madzi n'kuthirira m'mizere mbewu itakula kale ena amayesa, koma kawirikawiri ndi kutaya paketi, pokhapokha dothi lili lonyowa ndipo mvula ibwere pamwamba.

aGondwe (Mzimba): Zina zimachitika m'magulu, mlimi amalandira paketi ya soya n'kugawako ku nyemba. Nyemba zili ndi bacteria wake wosiyana, wa soya sagwira. Mtedza, khobwe ndi nandolo nthawi zambiri zimadzipezera wa m'nthaka. Ndiye soyayo amalandira theka la mlingo, ripoti n'kulemba kuti anathira.

aMvula (Dowa): Mwaona? Mavuto okhaokha. Chaka chamawa Tikolore.

aJere (Lilongwe): aChisale, munda uli bwinowo chaka chatha munali chiyani? Ngati munali soya, bacteria anatsalira m'nthaka, ndiye kubiriwira kwake sikukutsimikizira kuti mapaketiwo anali amoyo.

Nabanda (Kasungu): Funso limenelo ndi lenileni. Komanso alipo akudziwa wogulitsa amene amasungadi inoculant mu fuliji kuno ku Kasungu? Ambiri ali pa shelefu pafupi ndi mankhwala a mbozi.