Ndikufuna kudzakhala dokotala wowongola mano, ndilowe bungwe liti?

MwanaWaNdirande:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikuphunzira udokotala wa mano ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ndatsala pang'ono kumaliza, ndipo mtima wanga uli pa orthodontics, zowongola mano ndi mawaya zija. Kuchipatala timaona ana ambiri a mano opanikizana, ena otuluka kunja mpaka mwana amachita manyazi kuseka. Pa intaneti ndaona kuti a ku America ali ndi American Association of Orthodontists (AAO) ndipo amachita msonkhano waukulu chaka chilichonse. Kodi munthu wa ku Blantyre kuno angalowe nawo? Nanga ndikati ndiyambe kusunga kangachepe, msonkhano woyenera kupitako ndi uti?

GogoWaZamano:
Mphwanga, khumbo lakolo ndi labwino, koma usayambire kumchira. Mabungwe amenewa ndi a anthu omwe anamaliza kale digiri ya mano n'kukawonjezera zaka zina za ukatswiri. AAO ndi yakalekale, inayamba mu 1900 ndi Edward Angle, yemwe uja mumaloweza Class I, II ndi III yake, magulu a mmene mano apamwamba ndi apansi amakumanirana. Likulu lake lili ku St. Louis. A ku Ulaya ali ndi European Orthodontic Society ya mu 1907. Pamwamba pa onsewa pali World Federation of Orthodontists, yomwe inakhazikitsidwa mu 1995 ku San Francisco. Msonkhano wake waukulu suchitika chaka ndi chaka, umabwera pakatha zaka zisanu: London mu 2015, wa ku Yokohama mu 2020 unachitikira pa intaneti chifukwa cha Covid. Ukaona pa fomu alemba kuti ophunzira alowe motchipa, dziwa kuti kawirikawiri akunena omwe ali kale pa maphunziro a ukatswiriwo, osati iwe wa BDS, digiri yoyamba ya mano.

Pakhomo pako ndi Dental Association of Malawi. Yambira pamenepo, uzipezeka pa misonkhano yawo, uzidziwana ndi anthu. Medical Council of Malawi ndi nkhani ina, kumeneko n'kolembetsa kuti ugwire ntchito mwalamulo, si bungwe loti ungasankhe kulowa kapena ayi. Ndikunena izi chifukwa kalata yokuvomereza ku sukulu yakunja sadzakulembera munthu yemwe unajambulitsa naye chithunzi ku America. Adzalemba ndi dokotala yemwe anakuona ukugwira ntchito pa mpando.

Nachisale_Zingwangwa:
A Gogo anena zoona, koma musamugwetse mphwayi mwanayu. Ine ndinaphunzira za dental therapy ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, nthawi imene aliyense wofuna digiri ya mano ankayenera kupita kunja. Inu muli ndi mwayi, sukulu yanuyi inangoyamba mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow. Aziphunzitsi obwera kuchokera kunja aja, musamangowapatsa moni. Afunseni za misonkhano, ena amadziwa komwe kumapezeka thandizo la ulendo.

Chigumula77:
Ine ndinene za thumba, poti palibe wazikhudza. Msonkhano wa ku America pamafunika viza, tikiti ya ndege, malo ogona, kenako ndalama yolembetsera ya madola, pamene kubanki ndalama zakunja mukudziwa nokha mmene zikuvutira. Ngati mwatsimikiza kutuluka, yang'anani ku South Africa. Ali ndi South African Society of Orthodontists, ndipo Johannesburg ndi pafupi, ndege mumakwerera pa Chileka pompa. Komanso sukulu zomwe mungadzafunsireko malo zili komweko: Wits, Pretoria, Western Cape. Kukakhala m'holo imodzi ndi aphunzitsi a kumeneko kuli ndi phindu kuposa kukasochera pakati pa anthu masauzande.

Chinanso, chenjerani ndi timaphunziro ta Loweruka ndi Lamlungu tomwe ogulitsa zipangizo amalengeza pambali pa misonkhanoyi. Amakupatsani satifiketi yokongola, koma kumata mabulaketi, tizitsulo togwira waya pa mano, n'kosavuta, chovuta n'kudziwa dzino liti lisunthe, lipite kuti, komanso mwana uti asayikidwe waya n'komwe. Chithandizochi chimatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, nthawi zina kuposerapo, ndipo wodwala amabwera mwezi ndi mwezi. Ukalakwitsa poyambira, mizu ya mano imatha kufupika, kholo n'kukhala litalipira kale.

MwanaWaNdirande:
Zikomo kwambiri nonse. A Gogo, ndiye panopa ndiziwerenga chiyani podikira?

GogoWaZamano:
Mu laibulale funsa ngati mungapeze American Journal of Orthodontics and Dentofacial Orthopedics, ndi magazini ya AAO yomweyo. The Angle Orthodontist ndi yaulere pa intaneti, sufunika kukhala membala wa aliyense. Uziwerenga nkhani imodzi pa sabata, ndipo ukapeza dokotala woyika mawaya mu tauni muno, mupemphe uzikaimirira pambali pake masana a Loweruka.