Zilembo zoyera zikudyeka pa ma slide a Kodak 5302

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikudinda ma slide akuda ndi oyera pa filimu ya Kodak 5302, negetivu ndaigunditsa pafilimu, emulsion kwa emulsion (mbali zopakidwa mankhwala ogwira kuwala zitakhudzana), galasi pamwamba. Zilembo zoyera zikutuluka zowonda, m'mbali mwake ngati mwalowa utsi. Negetivuyo ilibe vuto.

Woyankha woyamba: Imeneyo ndi halation, achimwene. Kuwala kumapyola emulsion, kukagunda kuseri kwa base (pulasitiki yomwe emulsion yapakidwapo) n'kubwerera kudzapsereza pambali. Pa positivu pomwe pafika kuwala ndi pamene pamada, ndiye mdima umasefukira m'zilembo. Base ya 5302 ndi yoonekera mbee. Akanaipaka utoto wotuwa ngati wa filimu ya Tri-X, chithunzi chikanazilala pa projekita. Pansi pa filimu mwayala chiyani?

Wofunsa: Ili pabolodi loyera la enlarger, makina okulitsira zithunzi omwe ndikuunikira.

Woyankha woyamba: Ndi pamenepo. Yalani pepala lakuda losanyezimira kapena veleveti wakuda. Kwezani mutu wa enlarger, chepetsani bowo la lens kufika f/11, mudinde kachidutswa koyesera pa masekondi 2, 4, 8 ndi 16. Musankhe nthawi yochepetsetsa yomwe ikupereka mdima wokwanira.

Woyankha wachiwiri: Zoona, koma pepalalo limameza kuwala kokhako komwe katuluka m'filimu. Kwina kumabwerera kukadali m'kati, pomwe base yakumana ndi mpweya, ndipo kumeneko pepala silifikako. N'chifukwa chake rem-jet, utoto wakuda womeza kuwala, inkamatidwa kuseri kwa base penipenipo. Choncho kuchepetsa exposure (kuwala kofika pa filimu) n'kofunika kwambiri. Mdima ukaperewera, onjezerani nthawi mu Dektol, developer (mankhwala otulutsa chithunzi), osati kuwala.

Wofunsa: Nanga ndikafuna ma slide amitundu pa filimu ya Kodak 2383, ndiyambe ndachotsa rem-jet?

Woyankha wachiwiri: Ayi, 2383 ilibe rem-jet. Inali pa mafilimu akale monga 5384, ndipo inkafewetsedwa mu prebath, mankhwala oyambirira kuviikamo filimu. Pa 2383 utoto womeza kuwala uli pansi pa emulsion, umachoka wokha potsuka. Chenjerani ndi developer: filimuyi imafuna developer ya ECP-2, yokhala ndi mankhwala a CD-2, mphindi 3 pa 36.7°C. Mukaiviika mu developer ya C-41, ya manegetivu amitundu wamba, yomwe ili ndi mankhwala a CD-4, mitundu ipotoka. Filimu yodindira ma slide yomwe inkatsukidwa mu C-41 inali Vericolor Slide Film 5072, koma Kodak anasiya kupanga filimuyo.

Woyankha woyamba: Ndipo musaidinde chakuseri. Kuwala kukalowera ku base, utoto uja ukumeza kusanafike pa emulsion.