Dothi lamchenga silikusunga chinyontho, ndithandizeni nzeru

Alimi anzanga, makamaka inu a ku Dedza ndi kuno ku Ntcheu, ndikupempha nzeru. Dimba langa lili kufupi ndi Lizulu, ndipo ndabzalamo kabichi ndi kachewere. Kumunsi kwake kuli makande, dothi lakuda lija limene limasunga madzi masiku angapo, ngakhale likauma limachita ming'alu yolowa chala. Kumtunda ndiye kuli mchenga wokhawokha. Ndikathirira m'mawa, pofika masana kabichi wafota, ndipo ndikafukula ndi dzanja ndimapeza dothi lili mbuu mpaka kumizu. Nanga dzuwa la Okutobala likafika zidzatha bwanji?

Alangizi amati manyowa amathandiza mchenga kugwira madzi, komanso kuphimbira ndi udzu kapena mapesi kumateteza chinyontho ku dzuwa ndi mphepo. Manyowa a mbuzi ndili nawo, koma mapesi ndikuopa chiswe, chomwe kwathu kuno n'chosayamba. Inu amene munaphimbirapo, chiswecho chinagwira mbewu kapena chimangodya mapesiwo? Manyowawo ndisakanize ndi dothi lonse kapena ndingothira paphando? Ndipo pamchenga potere, ndizithirira pang'ono kawiri patsiku kapena kamodzi madzulo mokhutitsa? Chitsime changa chayamba kuphwa, madzi oseweretsa ndilibe.