Thandizeni: Raja Rao ankalembera ndani m'Chingerezi?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikulemba ntchito ya kusukulu yokhudza chilankhulo ndi mtima wokonda dziko m'mabuku a ku India olembedwa m'Chingerezi, ndipo ndakakamira.

Buku lomwe ndatsamirapo ndi Kanthapura la Raja Rao, la mu 1938. Nkhani yake akuisimba ndi gogo wina wa m'mudzi wa kum'mwera kwa India, momwe mfundo za Gandhi zinafika n'kuugwedeza mudziwo. Ziganizo zake ndi zazitali, zothamanga, zotsatira kalankhulidwe ka Chikannada, chilankhulo cha m'deralo. M'mawu oyamba Rao akunena yekha kuti Amwenye sangalembe ngati Angerezi. Koma chomwe chikundivuta ndi ichi: buku lotsutsa atsamunda, bwanji lili m'chilankhulo chomwe alimi a m'mudzi ngati umenewu sakanatha kuwerenga?

Ndafufuza pa intaneti, koma nkhani zozama zambiri ndi zolipira. Kulaibulale ndangopezako bukulo basi. Ndawerenganso zomwe wolemba mabuku Salman Rushdie analemba mu 1997, zoti zolemba za Amwenye m'Chingerezi zaposa za m'zilankhulo zawo. Ine sindikugwirizana nazo, koma ndilibe umboni wokwanira womutsutsira.

Kodi alipo amene akudziwa komwe ndingawerenge mwaulere zomwe olemba ngati U. R. Ananthamurthy, amene ankalemba m'Chikannada, anamuyankha Rushdie? Komanso zionetsero za mu 1965 za ku Madras, kum'mwera kwa India, pomwe Atamil, anthu a m'deralo, anakana kuti Chihindi chokha chikhale chilankhulo cha boma n'kufuna kuti Chingerezi chikhalebe, ndiziphatikize kapena zisokoneza mutu wanga? Chonde ndiunikireni.