Kujambula kwaya ndi laputopu yakale yoyatsira pa fulashi

Wa ku Bembeke:
Akuluakulu, thandizeni. Kwaya yathu ikufuna kujambula nyimbo m'tchalitchi momwemo, za situdiyo sitingakwanitse. Tili ndi laputopu yakale ya HP, RAM 4GB, Windows yake ndi yochedwa zedi. Akuti Linux imayaka kuchokera pa fulashi osakhudza zamkati. Ndiyambire pati, nanga ndigule chiyani?

Fundi wa pa Boma:
Achimwene, n'zotheka. Ambiri akuuzani za mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu Studio poti imabwera ndi mapulogalamu ojambulira, koma pa RAM imeneyo ilemera. Tengani Lubuntu, mtundu wina wa Linux wopepuka. Pezani fulashi ya 16GB kapena 32GB ya USB 3.0, muikemo fayilo ya ISO ya Lubuntu pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus. Zonse za m'fulashimo zifufutika, choncho samutsiranitu. Mu Rufus musadumphe pamene alemba Persistent partition size, mupatsepo 8GB. Mukapanda kutero, chilichonse mwaika chimasowa mukangozimitsa.

Poyatsa HP dinani F9 mobwerezabwereza, musankhe fulashi, kenaka Try Lubuntu, osati Install. Mukalumikiza intaneti tsegulani Terminal, mulembe sudo apt update, kenaka sudo apt install audacity, kuti muike Audacity, pulogalamu yojambulira mawu. Bandulo ikufunika tsiku lokhalo basi.

Mayi wa Zokuzira Mawu, Ntcheu:
Ndalama yanu ipite ku maiki, bambo. Maiki ya mkati mwa laputopu imatola phokoso la fani. Kabokosi kolumikizira maiki ku laputopu ngati Behringer UMC22 kamagwira pa Linux mukangolumikiza pa USB, popanda dalaivala. Pa kwaya, maiki ya condenser ndiyo imamva gulu lonse, koma imafuna mphamvu ya 48V, ndiye muyatse switchi yake pa kabokosipo. Ikani maiki mamita awiri kapena atatu kutsogolo kwa oimba, pamwamba pang'ono pa mitu yawo. Wang'oma akhale kutali, apo ayi aphimba onse.

Aimbe kaye gawo lokweza kwambiri, inu muchepetse gain (mphamvu ya mawu olowa) pa kabokosipo mpaka mita ya Audacity izifika pa -12 dB. Mawu otsika mukweza pambuyo, koma osweka sakonzeka.

Tchalitchi chikakhala cha malata, pewani masana dzuwa likamawomba, malata amathetheka. Mphepo ya ku Dedza mu June ndi July mukuidziwa: tsekani mawindo, maiki muiveke siponji.

Wa ku Bembeke:
Zikomo. Nanga nyimbozo ndizisunga pa fulashi yomweyo?

Fundi wa pa Boma:
Ayi, apa ndi pamene ambiri amalira. Fulashiyo ili kale pa ntchito yoyendetsa Linux, ikachedwa kulemba mawu amadukaduka. Gwiritsani hard disk ya laputopuyo kapena ina yapadera, ndipo mu Preferences ya Audacity, pa Directories, mulozenso kumeneko foda ya mafayilo ongoyembekezera. Hard diskyo isakhale yofomatidwa mu FAT32, chifukwa Audacity 3 imakana kusungapo projekiti. Hard disk yamkati ikakana kulembedwa, lowani mu Windows muzimitse Fast Startup.

Malo si vuto: WAV ya mono pa 44100 Hz ndi 16-bit imadya pafupifupi 5MB pa mphindi. MP3 mupange pomaliza, yotumizira anthu pa WhatsApp.

Mayi wa Zokuzira Mawu, Ntcheu:
Chinanso, mukamva kulira kwa "hmmm" m'mahedifoni, zulani chaja. Kawirikawiri ndi phokoso la 50 Hz lochokera ku magetsi kapena jenereta. Tchajiranitu batire, mujambule nyimbo imodziimodzi, ndipo mudine Ctrl+S nyimbo iliyonse ikatha.